Musamugwire Phazi

Anatuma ine chifukwa ndinalibe chochita. Pakhomo pathu ku Nkope aliyense anali ndi chomugwira. Achimwene anali panyanja ndi anzawo a ukonde wa chilimira. Alamu anga anali m'chikuta ndi khanda la masiku atatu, ndipo mayi satuluka mchombo wa mwana usanagwe. Ine ndinali uja anasiya sukulu. Ndinalekera Folomu 2 kuti ndikadwazike amayi. Ndinawadwazika mpaka anamwalira, ndipo nditabwerera kusukulu anandiuza kuti malo anga anapatsa wina. Chimene ndinatsala nacho ndi Chingerezi chongokwanira kuwerenga zikwangwani za m'chipatala. Ndiye mwana atadwala, wopita naye akanakhala ndani?

Mwanayo sanali wa achimwene. Alamu anabwera naye kumsana kuchokera ku Mozambiki, nkhondo itawathamangitsa. Achimwene anawapeza kumalire, cha ku Namwera, komwe ankakagulitsa usipa wouma, n'kubwera nawo onse awiri. Nthawi imene ndikunenayi mtsikanayo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Sankalira, sankasekanso kwenikweni. Ankangokutsatira ndi maso. Sindinkamukonda, ndisaname. Anamuika m'chipinda mwanga osandifunsa, pamphasa yomwe amayi ankagonapo.

Tsiku lina m'mawa ndinamugwedeza phazi kuti adzuke akasese. Maso asanatsegule n'komwe anadzambatuka, natuluka ali chete, nathamanga kudutsa pansi pa mathandala oyanikapo usipa mpaka kukalowa m'bango. Tinamufunafuna dzuwa mpaka kukwera. Ine ndinaseka.

Alamu sanaseke. Anandiyandikira ndikutsuka mbale.

"Alamu, mwana uyu akagona musamamugwire phazi."

"Bwanji? Ndi lagolide?"

"Musamamugwire basi."

Ndinali nditaonapo mmene iwo ankamudzutsira. Ankaika chikhatho pamphumi pake n'kumanena motsitsa kuti, "Ndi mbuzi, ndi mbuzi," pomwe pakhomo pathu panalibe mbuzi ngakhale imodzi. Ndinkati ndi zakwawo zimenezo. Sindinafunsenso.

Mchombo wa mtsikanayo unali wotuluka chibadwire, ngati wa ana ambiri. Koma sabata imene khanda linabadwa unauma gwa, sunabwererenso m'kati, ndipo mwana anayamba kusanza. Kuchipatala chaching'ono anangougwira kamodzi n'kutilembera kalata ya kuchipatala chachikulu. Tinakwera kumbuyo kwa lole ya nsomba. Ndinamukhazika pamiyendo ulendo wonse, ndipo pofika ndinali ndikununkha utaka ndi masanzi.

Wodi ya ana ndinkaidziwa fungo lake ndisanalowe. Bedi limodzi ana awiri, pena atatu, amayi awo pansi. Zaka zimenezo theka la anthu m'wodi linali la kutsidya kwa malire. Unkawadziwa ndi mabulangete ofanana omwe ankalandira, ndiponso ndi mmene ankakhalira chete nesi akamadutsa. Adokotala anati thumbo lakanirira pamchombo, pafunika opaleshoni mawa lake m'mawa, mwana asadye kanthu. Poti iye sankadya, inenso sindinakaphike.

M'mawa kunabwera bambo ogonetsa anthu ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Anali aafupi, a imvi, ovala nsapato zoyera za labala zowakulira. Anamuyang'ana mwana m'kamwa, anamumvetsera pachifuwa, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ndinu mayi ake?"

"Azakhali ake."

"Mwamuuza kumene akupita?"

"Ndamuuza kuti akukamujambula chithunzi."

Anandiyang'ana kanthawi. Anaoneka ngati akufuna kunena kanthu, koma wina anawaitana pakhonde, ndipo anangoti, "Chabwino." Ine sindinaone cholakwa. Kwathu mwana sauzidwa zoti akamucheka. Umamunamiza kuti ayende yekha, osakuvutitsa panjira.

Anabwera naye dzuwa lili pamutu, pa kabedi ka matayala, diripi ili kudzanja, pamimba pali bandeji yoyera. Maso anali otsegula pang'ono, akuyendayenda uku ndi uku osaona kanthu, dovu likutsika patsaya. Bambo ogonetsa aja anabwera pambuyo.

"Mvetserani, chemwali. Mankhwala amenewa amalotetsa. Mwana amaoneka ngati wadzuka koma akadali kutali. Musamudzutse, musamuyankhule, musamugwedeze. Adzuke yekha. Mwamva?"

"Ndamva."

Anesi a tsikulo, mayi aatali a mawu akuthwa, anabwereza zomwezo ngati ndine wogontha.

Ndinakhala pamenepo. Ola linatha. Lachiwiri linayamba. Njala inali itandigwira kuyambira dzulo lake. Kukhitchini kwa magadiyani mpopi unkatseka masana, ndipo ndinkaona pawindo amayi akubwerako ndi ndowa zodzaza. Ndinaganiza za anzanga a m'kalasi, oti nthawi imeneyo anali atakhala pa madesiki, ine ndili pano kudikirira mwana wa munthu wina kuti aphethire. Ndinkangofuna kumuona atadzuka, ndidziwe kuti ali moyo, ndipite ndikatunge madzi.

Ndinatambasula dzanja. Mawu a alamu aja ndinawakumbukira dzanja lili kale pachala chachikulu cha phazi lake. Ichi ndiye chimene sindinauzepo anthu ambiri: ndinakumbukira, koma ndinagwedezabe.

Sanalire. Anadzambatuka ngati tsiku la m'bango lija. Diripi inazuka, chitsulo chake chinagwa, iye anagwera pansi chamimba, nadzuka, nayamba kuthamanga chowerama pakati pa mabedi, akugunda miyendo ya mabedi ngati wakhungu. Amayi atatu anamugwira pafupi ndi chitseko. Wina anamugwira miyendo yonse iwiri. Apo m'pamene anakuwa, kukuwa komwe sindinamvepo kwa mwana, akumenya mutu pasimenti. Bandeji ija inafiira ndikuona.

"Ndi majini amenewa," anatero mayi wina, nayamba kuwerenga dua, pemphero la Chisilamu. Wina anati mwanayo achita kumulodza, tipite naye kwa shehe asanafe. Anesi anawakankha onse, anamubaya jekeseni, ndipo pang'onopang'ono thupi linafooka. Atamubwezera pabedi anandiyang'ana.

"Mwamutani?"

"Palibe. Wangodzuka yekha."

Bodza linatuluka losavuta, ngati la chithunzi lija.

Adokotala atamasula bandeji anapukusa mutu. Ulusi unali utaduka, bala litayasama mbali imodzi. Analiphimba bwinobwino n'kunena kuti asokanso mawa m'mawa, chifukwa ku fiyeta kunali amayi awiri ovutika pobereka. Kenaka anandiuza ine, poti panalibe wina womuuza.

"Mnofu wa mwana si chitenje choti n'kumangosoka. Mwanayu ndi woonda kale. Ndisoka kachiwiri. Ukang'ambikanso, sindikudziwa kuti ndidzagwira pati."

Anesi anati vuto limenelo alithetsa okha. Anatenga nsalu yakale ya pabedi n'kuyamba kuing'amba mizeremizere.

"Mawa timumanga manja ndi mapazi kubedi asanadzuke. Tione ngati majiniwo adziwa kumasula mfundo."

Ndinawaonerera akung'amba.

Chakumadzulo ndinapita kukhitchini kwa magadiyani. Madzi ndinachita kupempha. Pafupi nane panali mayi wina wa ku Mozambiki yemwe mwana wake anapsa mkono, bedi lawo linali moyang'anana ndi lathu. Anali akupala mphika ndi chigoba cha nkhono. Sanadzutse mutu poyankhula.

"Munamugwira phazi."

Sikunali kufunsa. Ndinati ndiyankhe zamwano, koma ndinali nditatopa.

"Munandiona?"

"Sindinakuoneni. Ndinaona mmene anathamangira." Anapitiriza kupala. "Kuthengo sitinkayankhula. Ukamva mapazi a anthu, kapena galu, sunganene kuti mwanawe dzuka. Unkangomugwira phazi. Iye ankadziwa: dzuka, thamanga, usalire, usandidikire. Tinkawaphunzitsa masana ngati masewera. Wolira tinkamutsina mpaka aleke."

"Nanga ngati si anthu?"

"Ukaona kuti palibe kanthu, umaika dzanja pamphumi. Ndiye kuti gona."

"Mayi ake amati ndi mbuzi."

Anaseka pang'ono, mphuno yokha. "Aliyense anali ndi mawu ake. Ine ndinkati ndi mphepo."

Ndinafunsa funso limene ndinkadziwa kale yankho lake. "Akamumanga mapazi?"

"Ndiye kuti mwamuuza kuti thamanga, ndipo simukuleka kumuuza. Chingwe sichidzaduka. Chidzaduke ndi china."

"Bwanji simunawauze anesi?"

Apo anadzutsa mutu. "Ine? Ine ndi wa khadi la ufa la othawa nkhondo, mwanangu. Ndikatsegula pakamwa amati tabwera kudzadzaza mabedi. Wa Chingerezi ndinu."

Ndinadya chinangwa chophika chomwe anandigawira. Kuti asamumange ndinayenera kufotokoza chifukwa chake anathamanga, ndipo chifukwa chake chinali ine. Ndinayesa kupeza njira yonenera za phazi popanda kunena za dzanja langa. Sindinaipeze. Anesi aja sanali opusa.

M'mawa ndinawadikirira bambo ogonetsa pakhomo la wodi. Anesi anali pomwepo, nsalu zawo zija atazipinda bwino m'mbale yachitsulo.

"Musamumange mapazi," ndinatero.

"Mwayamba udokotala liti?" anafunsa anesi.

"Dzulo sanadzuke yekha. Ndinamugwedeza phazi ndine."

Ndinafotokoza zonse, za bango, za kuthengo, za mphumi. Ndinayankhula mofulumira, maso ali pa nsapato za labala zija. Nditamaliza anesi anaika mbale pansi.

"Dzulo munati chiyani?"

"Ndinanama."

"Tinakuuzani kangati kuti musamugwedeze?"

"Kawiri."

"Sukulu munalekera pati, inu?"

Funso limenelo linandilasa pomwe ankafuna. Tsiku lina ndikanawayankha zoti asaiwale. Ndinangoti, "Folomu 2."

Bambo ogonetsa sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anangofunsa mafunso a ntchito. Phazi liti? Lililonse. Mawu ake ndi otani? Ndi mbuzi. Anagwedeza mutu osaseka.

"Mwachita bwino kunena tsopano. Mtsempha wa kudzanja unawonongeka dzulo, ndiye ndimati diripi ya lero ndiike kuphazi." Anatembenukira kwa anesi. "Tiika kudzanja linalo. Asamangidwe. Bedi lake lipite pakona, mutchinge ndi nsalu. Ndimupatsa mankhwala oletsa ululu asanadzuke, ndi ena pang'ono oziziritsa malotowo. Koma mankhwala okha sakwanira. Pamafunika nkhope yoti akuidziwa."

"Nkhope yake ndi imeneyi?" anatero anesi.

"Ilipo ina?"

Panalibe ina. Anesi ananyamula mbale yawo. "Likang'ambika, mukawauze nokha makolo ake."

"Chinanso," anatero bambo aja kwa ine. "Pitani mukamuuze zoona. Mwana amene wagona akudziwa chimene chikubwera sadzuka ngati amene wagona atanamizidwa. Dzulo ndikanakuuzani, ndinafulumira."

Ndinamupeza ali maso, atagona chagada, milomo itauma. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi. Sindidziwa kuyankhula ndi ana, ndiye ndinayankhula naye ngati munthu wamkulu.

"Iwe. Dzulo sanakujambule. Ndinakunamiza."

"Ndikudziwa, azakhali. Ojambula amati ima bwino. Awa anandigoneka."

"Anakucheka pamimba kuti akonze thumbo. Utathamanga ulusi unaduka. Lero asokanso. Akupatsa mankhwala, ugona, sumva kanthu. Ukadzuka pamimba papweteka, kudzanja kukhala chingwe. Usachizule. Ine ndikhala pano."

Ndinapitiriza.

"Phazi ndinakugwira ndine. Kunalibe asilikali."

"Ndinawaona."

"Unalota. Ndi mankhwala."

Anandiyang'ana ndi maso ake aja kwa nthawi yaitali. Kaya anandikhulupirira, sindikudziwa. Munthu amene wakunamiza dzulo umukhulupirira bwanji lero? Koma atabwera ndi kabedi ka matayala anagwira nsonga ya chitenje changa, ndipo bambo ogonetsa anandilola kuyenda naye mpaka pakhomo la fiyeta. Anamuika mankhwala ndili pomwepo. Zala zake zinamasuka zokha pachitenje.

Anamubweza dzuwa litakwera. Pakona paja anali atatchinga ndi nsalu yobiriwira, munali kamdima pang'ono. Ndinakhala kumutu, n'kuika chikhatho pamphumi pake. Mayi wa ku Mozambiki uja anabwera osaitanidwa, nakhala pansi kumapazi kwa bedi, msana atapatsa mwana, miyendo atatambasula kutseka njira.

Ntchito inali yothamangitsa anthu. Wokolopa anabwera ndi ndowa yake, ndinamuuza kuti pakona pano pakhale pakuda lero. Mayi wa dua uja anafuna kumupaka madzi a kwa shehe kumapazi, ndinamuuza kuti akapake mwana wake. Nthawi yoona odwala itakwana wodi inadzaza, ndipo aliyense ankafuna kusuzumira mwana wa majini. Munthu akamaona wodwala wogona, dzanja lake limathamangira kuphazi, poti ndilo lili pafupi. Ndinali ndisanazindikirepo zimenezo. Ndinawatukwana motsitsa mawu, mmodzimmodzi, dzanja langa osalichotsa pamphumi. Ena anali akuluakulu oti n'kundibereka. Anachoka akunena kuti mtsikana ameneyu sanaleredwe.

Mkono unachita dzanzi mpaka paphewa. Mpopi unatsekanso ndili pomwepo. Thukuta la mwana linali kutuluka pansi pa chikhatho changa, ndipo ndinkamva mtsempha ukugunda pafupi ndi khutu lake. Ndinali ndisanamugwirepo nthawi yaitali chotero. Mutu wake unali waung'ono kuposa mmene ndinkaganizira.

Kenaka maso anayamba kuyendayenda. Mpweya unafulumira. Pansi pa nsalu ndinaona mawondo akukwera, zala za kumapazi zikupinda, thupi lonse likukonzeka. Kunja wina anagwetsa mbale yachitsulo, ndipo mwana anauma ngati thabwa.

"Ndi mbuzi," ndinatero.

Ndinadzimva wopusa. Mtsikana wa Folomu 2, m'chipatala, kunena za mbuzi. Mawu anatuluka okalipa, ngati ndikumuuza kuti akasese. Mawondo anakwerabe. Dzanja la diripi linayamba kukoka.

"Pang'onopang'ono," anatero mayi uja osatembenuka. "Ngati mukunena zoona."

Ndinaweramira kukhutu kwake. Ndinayesa kukumbukira mmene alamu ankanenera, mawu otsika, aulesi, a munthu amene akufuna kugonanso.

"Ndi mbuzi. Ndi mbuzi chabe. Gona."

Ndinabwereza kosawerengeka, chala changa chachikulu chikusisita pomwe tsitsi limayambira. Anesi anali ataima pa nsalu yotchinga, jekeseni ili m'manja. Sanalowe. Bondo limodzi linatsika. Patapita nthawi linalo linatsikanso. Mpweya unabwerera m'malo mwake. Anagonanso, ndipo ine sindinasunthe.

Atatsegula maso kachiwiri anali maso oona. Anayang'ana nsalu, anayang'ana chingwe cha kudzanja, anayang'ana ine.

"Za ndani?" anafunsa, mawu atasasa.

"Chiyani?"

"Mbuzizo."

"Za anesi."

Anesi anatulutsa mpweya m'mphuno n'kubweza jekeseni m'mbale. Anabwera kumutu kwa bedi, osati kumapazi, nakweza nsalu kuona bandeji. Inali yoyera.

Bala linagwira. Tinakhala m'wodi masiku ena angapo, ndipo m'mawa uliwonse adokotala akamayendera ndinkaima kumapazi kwa bedi ngati mlonda. Mayi wa ku Mozambiki uja anatuluka tisanatuluke ife. Sindinamufunse n'komwe kumene ankakhala.

Titafika ku Nkope mchombo wa khanda unali utagwa, alamu anali panja akuyanika matewera. Achimwene anandifunsa ngati lole sinativute, basi, n'kubwerera kokasoka ukonde. Alamu anamutengera mwana m'nyumba n'kumuvula. Ndinamva akundiitana.

"Alamu, apa asoka kawiri."

Ndikanatha kunena kuti ndi mmene amasokera kuchipatala. Sakanadziwa. Koma mwanayo anali pomwepo akundiyang'ana, ndipo mabodza anali atanditopetsa.

"Ndinamugwira phazi asanadzuke. Anathamanga, ulusi unaduka."

Chala chawo chinayenda m'mbali mwa chipsera.

"Ndinakuuzani."

"Simunandiuze chifukwa chake."

"Mukanamva?"

Anamuveka mwana diresi n'kutuluka kukamaliza matewera. Sanandikalipire, sanandithokozenso.

Mtsikanayo amagonabe m'chipinda mwanga. Kuleza mtima sindinakuphunzire. Akachedwa kusesa ndimamukalipira ngati kale. Koma m'mawa ndimazungulira mphasa mpaka kumutu, ndimagwada, ndimaika dzanja pamphumi. Chipsera chake n'chachikulu, chokhota, sichili ngati cha ana ena omwe anachekedwa pamchombo. Tikamasamba kunyanja anzake amamufunsa chinamutani, iye amati anamujambula chithunzi, n'kundiyang'ana.